Phingo, Tsanya ndi Mlombwa: Kusankha Mtengo Wopangira Zitoliro

M'malokeshoni a mzinda wa Harare, monga Mbare, Glen View, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, muli mabanja ambiri amene chakudya chawo chimachokera ku mtengo. Ena ndi akalipentala okhoma mipando ndi mabedi ku Glen View Area 8, ena ndi osema ziboliboli, ena amasema ng'oma ndi mbira, ndipo ena amagulitsa nkhuni ndi makala. Pakati pawo pali ana ndi zidzukulu za anthu amene adachokera ku Malawi, ku Tete ndi kummawa kwa Zambia, ndipo Chinyanja chikumvekabe m'makomo mwawo. Mlangizi wogwira ntchito pakati pa amisiri otere amakumana ndi funso ili: kodi nzoona kuti mtengo wakuda uja amaugula ndi ndalama zambiri kunja kuti apangire zoimbira, ndipo mmisiri wa kuno angapindule nawo? Nzoona kuti amaugula. Koma mmisiri amene angathamangire kugula zipika asanadziwe chimene ogulawo amafuna adzataya ndalama zake, mwinanso adzalandidwa katundu pamsewu.

Mawu amachokera kuti?

Chinthu choyamba chimene mlangizi ayenera kumvetsa ndi kusiyana kwa zoimbira zomenya ndi zoimbira zouzira. Pa marimba, chimene chimalira ndi mtengo weniweniwo. Woimba akamenya kathabwa, kathabwako kamanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko khutu limamva. Nchifukwa chake marimba a ku Zimbabwe, amene adakonzedwa ku Kwanongoma College of Music mumzinda wa Bulawayo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, amapangidwa ndi mlombwa, umene Ashona amati mukwa kapena mubvamaropa. Mlombwa ndi wopepukirapo, umalira bwino ukamenyedwa ndipo supindika wamba ukauma. Thabwa la mbira nalonso kawirikawiri limakhala la mtengo womwewu.

Pa chitoliro zinthu nzosiyana. Chimene chimanjenjemera ndi mpweya umene uli m'kati mwa chubu, ndipo mtengo ntchito yake ndi kusunga mpweyawo m'malo mwake. Kutalika kwa chubu ndiko kumalamula kukwera kapena kutsika kwa mawu. Mwachitsanzo, mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi mumpweya wofunda pang'ono. Kuti chubu chotseguka mbali zonse chitulutse liwu limene magulu oimba amachunira zipangizo zawo, lonjenjemera ka 440 pa sekondi, chiyenera kutalika pafupifupi masentimita 39. Chubu chotseka kumunsi chimatulutsa liwu lomwelo chikatalika theka lake lokha. Anyungwe a ku Tete adadziwa zimenezi kale, pakuti nyanga zawo ndi timachubu totseka kumunsi, todulidwa mosiyana utali, ndipo woimba aliyense amagwira tingapo namalowetsa mawu ake pakati pa mawu a anzake. Ku Mutoko ndi ku Murehwa kuimba kofanana ndi kumeneku amakutcha ngororombe.

Akatswiri adayesa kuona ngati chinthu chopangira chubu chimasintha mawu. M'chaka cha 1971 John Coltman wa ku America adafalitsa zotsatira za kuyesa zitoliro zitatu zofanana muyeso, china cha siliva, china cha mkuwa, china cha mtengo. Omvera ndi oimba omwe adalephera kuzisiyanitsa pamene sankaziona. Oimba ambiri amatsutsabe zimenezi mpaka lero, ndipo mkanganowo sudzatha msanga. Koma anthu a kuno ali ndi umboni wawo: chitoliro cha kwela, chimene Donald Kachamba wa ku Chileka adatchuka nacho pamodzi ndi mkulu wake Daniel, chidali kachubu kachitsulo kotsika mtengo. Banja la a Kachamba lidakhalapo ku Salisbury kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nthawi imene nyimbo za kwela zidali mkamwamkamwa m'malokeshoni.

Tsono ngati mawu sachokera mumtengo, nchifukwa ninji opanga clarinet ndi oboe amalimbirana mtengo umodzi? Yankho lili pa ntchito yovuta imene mtengowo umapatsidwa. Uyenera kulola kubooledwa mosalala ngati galasi, kusadontha mpweya, kugwira timisomali ta zitsulo mosagwedera, ndi kusunga muyeso wake kwa zaka makumi ngakhale ukunyowa ndi kuuma tsiku ndi tsiku. Mitengo imene ingathe zonsezi pamodzi ndi yowerengeka.

Chimene phingo ali nacho

Phingo, amene dzina lake la sayansi ndi Dalbergia melanoxylon, Ashona amamutcha murwiti, Andebele umbambangwe, Aswahili mpingo, ndipo ku Mozambique amati pau-preto. Opanga zoimbira ku Ulaya amamudziwa ndi dzina loti grenadilla. Ndi mtengo waufupi, waminga, wokhotakhota, wokonda kumera thunthu zingapo pamodzi. Amapezeka m'madera otentha ndi ouma, kawirikawiri moyandikana ndi tsanya, monga m'chigwa cha Zambezi, kumunsi kwa Zimbabwe, ndi m'chigwa cha Shire ku Malawi. Pouona kutchire munthu sangauyese mtengo wa phindu. Ukadulidwa mpamene umaonetsa mnofu wopyapyala wachikasu kunja ndi mtima wakuda wopita kofiirira m'kati.

Kulemera ndicho chizindikiro choyamba. Phingo wouma amalemera makilogalamu 1,200 kapena kuposerapo pa kiyubiki mita imodzi, pamene madzi amalemera makilogalamu 1,000. Motero chidutswa chouma chimamira. Mlombwa umalemera pafupifupi theka lake ndipo umayandama. Kulemeraku kumasonyeza kuti mitsempha ya mtengo ndi yothinana, ndipo kuthinanako ndiko kumalola mmisiri kudula mazinga a sikuluwu mumtengo monga amachitira pachitsulo. Clarinet ili ndi mabowo oposa 20 ndi timizati tambiri tachitsulo tomangiriridwa m'thupi lake. Kamzati kamodzi kakagwedera, chivundikiro sichitseka bowo bwino, mpweya umathawa, ndipo liwu limafa.

Chachiwiri ndi kusalala. Mtengo uliwonse wa masamba otambalala uli ndi timabowo timene madzi ankadutsamo mtengowo uli moyo. Mu mlombwa timabowoti nta tikulutikulu, tooneka ndi maso. Mu mtima wa phingo nta ting'onoting'ono ndiponso todzadza ndi utomoni. Chubu cha m'kati chikakhala chokhakhala kapena choyamwa mpweya, mbali ina ya mphamvu ya woimba imathera m'makoma, chipangizo chimalimba pouzira ndipo mawu amatuluka ofooka. Apa mpamene mtundu wa mtengo umakhudzadi mawu: kudzera m'kusalala kwa chubu ndi kuthwa kwa milomo ya mabowo, imene siyenera kunyotsoka pobooledwa.

Chachitatu, ndiponso chachikulu koposa, ndi khalidwe la mtengo pa chinyezi. Mafuta achilengedwe amene ali mu phingo amachedwetsa kulowa kwa madzi, ndipo mtengowu umafota pang'ono pouma poyerekeza ndi kulemera kwake. Mitengo ya mtundu wa Diospyros, imene mchenje ndi m'bale wake, ina imadanso bii ndipo imalemera, koma imang'aluka msanga ikanyowa m'kati nkuuma kunja. Kuda kokha si chizindikiro chodalirika. Ndipo pamsika wa ziboliboli, pamene polishi wa nsapato amadetsa mtengo uliwonse, kuda sikutanthauza kanthu. Wogula wanzeru amapala pang'ono ndi mpeni kunsi kwa chinthucho ndi kuchikweza m'manja kuti amve kulemera kwake.

Azungu sadayambe ndi phingo. Clarinet itakonzedwa ndi Johann Christoph Denner ku Nuremberg cha m'ma 1700, inkapangidwa ndi mtengo wachikasu wa ku Ulaya wotchedwa boxwood. Mtengowo unkapindika, ndipo zitsulo zitachuluka pa chipangizo m'zaka za m'ma 1800, kupindikako kudakhala vuto. Opanga adatembenukira ku cocus wa ku Jamaica ndi Cuba, naudula mpaka udasowa. Pamenepo mpamene phingo adalowa m'malo. Mbiri ya cocus ndi chenjezo lokwanira kwa aliyense amene akuyang'anira nkhalango za phingo.

Chinyezi ndi nyengo ya Harare

Mtengo wouma suleka kupuma. Mpweya ukanyowa umayamwa madzi nutupa, mpweya ukauma umatulutsa madzi nufota. Sufota mofanana mbali zonse. M'litali sufota konse kwenikweni, mopingasa kuchokera pakati kupita ku khungwa umafota pang'ono, koma mozungulira, motsata mizere ya zaka, umafota pafupifupi kawiri. Nchifukwa chake bowo lozungulira lobooledwa mumtengo wauwisi limasanduka ngati dzira mtengowo ukauma, ndipo zidutswa zimene zinkalowana bwino zimakana kapena kukhwepa.

Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, kenaka pamabwera chisanu cha Juni ndi Julayi, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala mpweya umauma kwambiri. Mpweya wochokera m'kamwa mwa woimba ndi wofunda ndiponso wodzadza ndi chinyezi. Pouzira chitoliro chozizira m'mawa wa Julayi, kapena chouma gwa mu Okutobala, m'kati mumatupa pamene kunja kudakali kofota. Kunjako kumakokedwa mpaka kung'aluka, makamaka pakati pa mabowo oyandikana a chidutswa chakumtunda. Oboe ndiyo imavutika koposa, chifukwa chubu chake kumtunda ndi chopapatiza, pafupifupi mamilimita 4, pamene makoma ake ndi ochindikala.

Mlangizi angaphunzitse amisiri kuyeza chinyezi popanda makina odula. Adule kachidutswa kakang'ono pakati pa thabwa, akayeze pasikelo, akaumitse mu uvuni wotentha madigiri 103 mpaka kulemera kwake kuleke kutsika, akayezenso. Ngati kadali magalamu 130 nkutsala magalamu 100, madzi amene achoka ndi magalamu 30, ndipo 30 pa 100 ndicho chinyezi cha thabwalo. Mtengo umayamba kufota kwenikweni chinyezi chikatsika pansi pa 25 kapena 30 pa 100 iliyonse, kotero thabwa lotere lidakali ndi ulendo wonse wofota patsogolo pake. Wopanga zoimbira amafuna chinyezi cha pafupi ndi 10. Kumene kulibe uvuni, mmisiri alembe nambala pa chidutswa chilichonse, azichiyeza mwezi ndi mwezi ndi kulemba m'kabuku. Kulemera kukaleka kutsika kwa miyezi ingapo ya chilimwe, chidutswacho chayandikira kuuma.

Kuumitsa phingo kumafuna kudekha kumene amisiri ambiri a mumzinda sangakukwanitse, pakuti ndalama yawo imayenera kubwerera sabata lomwelo. Madzi amathawira kunsonga msanga kuposa m'mbali, choncho nsonga ziyenera kumatidwa ndi phula kapena kandulo wosungunula tsiku lomwelo mtengo wachekedwa. Zidutswa ziunjikidwe pamthunzi, pamalo opita mphepo pang'ono, ndi timitengo topingasa pakati pake. Zisaikidwe pafupi ndi denga la malata. Opanga zoimbira amasunga zidutswa zawo kwa zaka zingapo: amayamba kuzizungulitsa, kuboola kabowo kakang'ono pakati, kuzisiya zipume, kenaka kukulitsa bowo pang'onopang'ono. Malo osungirako mtengo wa zaka zotere afunikanso kukhala otetezeka ku moto, chinthu chimene amisiri a ku Glen View, kumene moto wawononga katundu kangapo, safunika kuuzidwa.

Chipika chimodzi, zidutswa zochepa

Apa mpamene ambiri amanyengeka. Phingo ndi umodzi mwa mitengo yodula kwambiri padziko lapansi, koma mtengo wokwerawo ndi wa tizidutswa tochekedwa kale, towongoka, topanda mfundo, topanda mng'alu, topanda mnofu woyera ndiponso topanda bowo la tizilombo. Thupi la clarinet limapangidwa ndi zidutswa zosakwana masentimita 30 m'litali, komabe kupeza masentimita 30 angwiro m'thunthu lokhota si chapafupi. Mitengo yambiri yokhwima imakhala yowola kapena ya mphako pakati, makamaka kumene moto wa tchire umadutsa chaka ndi chaka. M'malo ochekera, mwa magawo 10 a chipika, limodzi kapena awiri okha ndiwo amasanduka zidutswa za zoimbira. Munthu wogula chipika pamsewu poyembekeza mtengo wa ku Ulaya amakhala akugula kwambiri zotsala.

Zotsalazo zili ndi ntchito, ndipo phindu lenileni la mmisiri wa mulokeshoni lili pamenepo. Zigwiriro za mipeni, mikanda, ndolo, zipeso, tizigawo ta magitala ndi zokongoletsa mipando zimatuluka m'tizidutswa timene ena amasonkhezera moto. Ngakhale utuchi uli ndi mwini: kuyambira 1994 kampani ya Buffet Crampon ya ku France yakhala ikupanga zoimbira zotchedwa Green Line kuchokera ku ufa wa phingo wosakaniza ndi zomatira, ndipo zimenezi sizing'aluka wamba. Komatu fumbi la phingo limayabwitsa khungu ndi kutsokomoletsa anthu ena. Wosema avale chophimba kumphuno ndi kusamba akaweruka. Zipangizo nazonso zimabuntha msanga pa mtengo umenewu.

Tsanya, amene kuno amadziwika ndi dzina loti mupani, ndiye mtengo wachiwiri woyenera kuuganizira. Ndi wolemera kuposa madzi, wa mafuta, wosalala, wofiirira, ndipo ena opanga clarinet ndi zitoliro ku Ulaya adayamba kale kumugwiritsa ntchito m'malo mwa phingo. Nzomvetsa chisoni kuti mtengo wotere umalowa mumzinda ngati nkhuni ndi makala. Bulugamu ndi paini, amene ali ponseponse m'malo a akalipentala, sayenera ntchito imeneyi: bulugamu amang'aluka pouma, pamene paini ndi wofewa ndipo sagwira sikuluwu zing'onozing'ono. Kwa mmisiri wofuna kuphunzira kuboola chubu chowongoka, jakaranda wogwetsedwa m'misewu ndi wokwanira poyesera. Pa zitoliro zophweka za ana a sukulu, zopanda zitsulo, mitengo ya zipatso yokalamba monga gwafa ndi malalanje ndi yoyenera kuyesedwa, pakuti ku Ulaya zitoliro zotere amazipanga ndi mapeyala a kwawoko ndi maple, atazinyika mu phula kuti zisayamwe madzi. Nsungwi youma bwino imaposa zonsezi pa kutsika mtengo, popeza chubu chake chidabooledwa kale.

Pali njira yachidule yoonera ngati mtengo udzadontha mpweya. Mmisiri adule kachidutswa kotalika ngati chala, apake madzi a sopo kunsonga ina, auzire mwamphamvu kunsonga inayo. Thovu likatuluka, timabowo nta totseguka, ndipo mtengowo ufunika kumatidwa ndi mafuta kapena phula usanakhale chitoliro. Poyesa kumira m'madzi agwiritse ntchito mtengo wouma wokhawokha, chifukwa mitengo yambiri yauwisi imamira.

Malamulo

Pamsonkhano wa mgwirizano wa CITES umene udachitikira ku Johannesburg mu 2016, mitengo ya mtundu wa Dalbergia idaikidwa pa ndandanda wachiwiri, ndipo lamulolo lidayamba kugwira ntchito pa 2 Januwale 2017. Izi zitanthauza kuti zipika, matabwa ndi zidutswa za phingo sizingatuluke m'dziko popanda chilolezo. Msonkhano wa ku Geneva mu 2019 udamasula zoimbira zopangidwa kale, komanso zinthu zina zomalizidwa zimene mtengo wake supitirira makilogalamu 10 pa katundu mmodzi. Zidutswa zosamalizidwa sizili m'gulu lomasulidwalo. Ku Zimbabwe zilolezo za CITES zimachokera ku Zimbabwe Parks and Wildlife Management Authority, pamene kudula, kunyamula ndi kugulitsa mitengo yachilengedwe m'dziko momwemo kumayang'aniridwa ndi Forestry Commission, motsata lamulo la nkhalango ndi malamulo a 2012 okhudza nkhuni ndi matabwa. Mlangizi alimbikitse mmisiri kufunsa mapepala kwa wogulitsa asanapereke ndalama. Ngati pali kukayika pa mtundu wa mtengo, nthambi ya masamba ndi zikhokhombe zake ingaperekedwe ku National Herbarium ku Alexandra Park kuti akaizindikire.

Phingo wambiri wopita kunja amachokera kummwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. M'boma la Kilwa, midzi yothandizidwa ndi bungwe la Mpingo Conservation and Development Initiative idalandira chiphaso cha FSC mu 2009, ndipo ndalama za mitengo yodulidwa m'nkhalango za midziyo zimapita ku midzi yomweyo. Chimene chidatheketsa zimenezi ndi umwini wodziwika wa nkhalango, kuwerenga mitengo isanadulidwe, ndi kutentha tchire msanga udzu usanaumitsitse. Alangizi a m'chigwa cha Zambezi ndi cha Shire ali ndi zambiri zoti aphunzirepo.

Kubzala ndi kusamala zimene zilipo

Phingo amatenga zaka 70 mpaka 100 kuti afike podulidwa, choncho wobzala amabzalira zidzukulu. Mbewu zake zili m'tizikhokhombe topyapyala, zimamera mosavuta zikafesedwa zidakali zatsopano, koma zimataya mphamvu zikasungidwa nthawi yaitali. Mtengowu umaphukiranso pachitsa ndi pamizu, ndipo monga mbewu za mtundu wa nyemba umaonjezera chonde m'nthaka. Adani a mbande ndi moto ndi mbuzi. Pabwalo laling'ono la mulokeshoni, kumene malo akulimbirana ndi chimanga ndi masamba, sikwanzeru kulonjeza munthu chuma cha phingo. Koma anthu ambiri a m'malokeshoni ali ndi kumudzi ku madera otentha, ndipo mbande zofesedwa m'nazale za sukulu kapena za mpingo zingatumizidwe kumeneko pa tsiku lobzala mitengo, Loweruka loyamba la Disembala.

Sukulu ndi magulu oimba amene ali ndi clarinet za mtengo afunika malangizo ochepa okha. Chipangizo chatsopano, kapena chimene chakhala m'bokosi miyezi yambiri, chiimbidwe mphindi zochepa patsiku kwa masabata oyamba. M'nyengo yozizira woimba ayambe wafunditsa chidutswa chakumtunda m'khwapa kapena m'manja asanauzire. Akamaliza apukute m'kati ndi kansalu, amasule zidutswa, azibwezere m'bokosi kutali ndi dzuwa ndi mbaula. M'kati mupakidwe mafuta oyenera pang'ono kamodzikamodzi, osati ophikira, amene amavunda ndi kumata zivundikiro. Mng'alu ukaoneka, kuimba kulekeke pomwepo, ndipo malo amene mng'aluwo wathera alembedwe ndi pensulo, chifukwa mtengo ukauma mng'alu umatsekeka ndipo wokonza amavutika kuupeza.